Nkhope Ndinajambula Ija

Wezi mwana wanga,

Ndakhala pakhonde la shopu masana ano, ndikudikira penti iume pachikwangwani cha chigayo. Yachikasu ija imachedwa, ukuidziwa, ndiye manja ali chabe. Iwe uli kunyumba ukuchapa ndi kulongedza. Mawa m'mawa basi ikutenga kupita ku Chipata, kuchoka uko ukwere ina ya ku Lusaka, kukoleji yako ya zojambula. Kalatayi ndikupatsa lero lomwe dzuwa lisanalowe, kuti upeze nthawi yokwiya ine ndikadali pafupi. Pakamwa sindine munthu wa mawu, koma kulemba zilembo ndiyo ntchito yanga zaka makumi atatu tsopano, ndiye ndilemba.

Lamulungu unandipempha chithunzi cha amayi ako chili pakhoma la pabalaza chija, kuti ukachipachike m'chipinda chako kukoleji. Ndinati tiona. Dzulo wafunsanso, ndinatinso tiona. Manje masiku a tiona atha. Nkhope ili pachithunzi chija si ya amayi ako, Wezi. Ndinachijambula ndine, ndipo ndinkafuna kujambula iwowo, koma amene anatuluka ndi munthu wina. Ndakhala chete zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Usang'ambe pepala, werenga mpaka kumapeto, chifukwa malangizo onse amene ndili nawo ali m'nkhani ya mmene zinachitikira. Ena ndilibe. Ukamaliza usankhe wekha, kaya uchitenga kaya uchisiya.

Ntchito iyi ndinaphunzira ku Lundazi kwa mdala wina wolemba zikwangwani, anamwalira kalekale. Anali munthu wachangu, ndipo chimene anandiphunzitsa ndi changu chomwecho. Ukafuna kujambula chinthu, umapeza chithunzi chake pakalendala kaya m'magazini, umachilemba mizere kuti chikhale timabokosi, umalembanso mabokosi aakulu pakhoma, basi n'kumasamutsa bokosi limodzilimodzi. Sipafunika kudziwa chimene ukujambula. Za masaluni anandiphunzitsa nkhope imodzi ya mkazi: khungu loyererako losalala, mphuno yaing'ono yowongoka, maso aakulu, milomo yotseka, khosi lalitali. Ankati, "Iwe, nkhope ni imodzi chabe, uzisintha tsitsi." Ndinaijambula nkhope imeneyo mpaka dzanja linkaipanga lokha ine ndikucheza ndi anthu odutsa. Eni masaluni ankaikonda, ndipo palibe anafunsapo kuti mkaziyo ndi wa kuti.

Kulakwa kwanga koyamba kunali ku Chifunda. Mwini bala wina kumeneko anandiitana kuti ndimujambulire njovu pakhoma la kutsogolo. Ndinapita ndi buku la ana a sukulu lochokera kunja, munali njovu yokongola, ndinaidula timabokosi. Masiku awiri, ntchito yatha. Tsiku lachitatu anthu anadzaza pabwalo, ine ndikuti abwera kudzayamikira. Aa! Kuseka kwake. Anthu a ku Chifunda njovu saionera m'buku, amathamangitsana nayo m'munda ndi zitini ndi utsi wa tsabola. Bambo wina anafunsa kuti makutu ndawasiya kuti, poti ya m'buku ija inali ndi timakutu ting'onoting'ono ndi msana wokwera pakati. Mayi wina, dengu lili pamutu, anaiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Iyi sinadyepo chimanga cha munthu, ioneni mmene yafatsira." Mwini bala sanaseke. Anangoti, "Amisiri, mufafanize ichi, mukaone njovu."

Ndinapita kumtsinje chakumadzulo ndi mlonda wa nyama, tinakhala pamtunda mphepo ikuchokera kwa izo. Zinabwera zisanu. Ine ndinabadwira m'chigwa chino, Wezi, njovu ndinayamba kuziona ndili mwana, koma nthawi zonse ndinkaziona ndikuthawa. Tsiku limenelo ndiye ndinayang'ana. Yaikulu ija khutu lina linali long'ambika, mnyanga wina waufupi, thupi lonse lofiira ndi matope ouma, osati lotuwa ngati m'buku. Chinthu chachikulu chotero, koma poyenda osamveka n'komwe. Ndinabwerera n'kuijambula yomweyo popanda bokosi ngakhale limodzi, ndipo mayi wa dengu uja atadutsanso analitukwana khomalo. Mpaka lero sindinajambulepo chinthu chabwino kuposa njovu imeneyo.

Ndiye aphunzitsi ako akadzakupatsa ntchito iwe n'kuona kuti m'mutu mwauma, usathamangire kutsegula foni kufuna zimene ena anajambula kale. Tuluka, pita pamsika kaya pamene amakonza njinga, ukhale pansi, uyang'ane chinthu chimodzi mpaka uone pamene chinang'ambika. Uziyang'ana kaye, Wezi. Ine ndinazidziwa zimenezi tsiku lija kumtsinje, koma sabata yotsatira ndinabwerera ku timabokosi tanga, poti n'tachangu.

Amayi ako ndinawapeza ku Tembwe, ndikulemba dzina pakhoma la tchalitchi. Unali mwezi wa Julayi, anthu atakolola, nthawi imene akazi a kumeneko amakongoletsa makoma a nyumba ndi dothi. Lofiira amakumba pakatondo, loyera amakatenga kudambo, lakuda amasinja makala kapena kuswa mabatire akale a tochi. Burashi alibe, ndi kansanza ndi zala basi. Kuseri kwa tchalitchi kunali nyumba ina imene khoma lake linandiimitsa, chitini cha penti chili m'manja. Ena ankapanga mizere ndi madontho, zija aliyense amapanga. Uyu anali atajambula mpunga wogwa ndi mphepo, ngala zonse zitaweramira mbali imodzi, kuzungulira nyumba yonse. Mwini wake anali mtsikana wakuda bii, wamfupi, matope mpaka m'zigongono. Ndinamufunsa kuti chithunzi chimenechi wachitenga m'buku liti. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zamisala, n'kuloza ndi chibwano kudambo kumene kunali munda wawo. Ameneyo ndiye NyaZimba, amayi ako.

Kulakwa kwachiwiri kunali ndakatulo. Inde, ine adada ako ndinalembapo ndakatulo, usaseke. Ndinkamvera za pawailesi n'kumaloweza mawu ake, ndiye pofunsira ndinadzaza masamba awiri: duwa la m'chigwa, nyenyezi ya m'bandakucha, khosi lalitali, mano ondanda bwino. Ndinawawerengera pansi pa mtengo wa mango nditavala jekete yobwereka, thukuta likutsika. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa m'Chisenga chawo chija kuti, "Kodi mtsikana ameneyu amakhala mudzi uti? Mukamuwerengere, akakondwa." Ndinati ndi inu. Anati, "Yayi. Ine khosi ndilibe, mutu unangokhala pamapewa. Dzino ili n'lobenthuka, simunalione?" Patapita masiku ndinawamva akusinja mpunga ndi mng'ono wawo, akuimba nyimbo ya pamtondo imene anaipeka okha, ya mwamuna wa ku boma amene amabwera kudzafunsira atasamba bwinobwino koma penti yabuluu ili kuseri kwa khutu. Mudzi wonse unaiimba mwezi wathunthu. Ndinachita manyazi kwambiri, ndinafuna kuleka kupitako. Koma nditagwira kuseri kwa khutu, penti inalipodi.

Kukoleji ukapeza anyamata olemba ndakatulo, sasowa, ndipo ena adzakulembera. Uzimvetsera ngati mmene anamvetserera amayi ako. Ngati mawuwo angathe kuwerengeredwa mtsikana aliyense wa m'kalasi osasintha kanthu, umuthokoze mwaulemu, upite ukadye. Mabuku a ndakatulo uziwerenga ndithu, ine ndinayamba mochedwa ndipo ndimadandaula. Yabwino umaidziwa chifukwa ukatseka buku umaona chinthu cha m'nyumba mwanu momwemo chimene unkangochidutsa tsiku lililonse. Imene ikungokuuza kuti wolemba amadziwa mawu ambiri, isiye. Ndipo usadzanyoze zimene amaimba amayi pamtondo ndi pamaliro chifukwa choti sizinalembedwe. Ine masamba awiri sanakwane kunena za munthu mmodzi, amayi ako anandimaliza ndi mzere umodzi akusinja.

Kulakwa kwachitatu ndinachita titakwatirana, tikukhala m'kanyumba kadothi kuseri kwa msika kuno ku Chama, iwe usanabadwe. Chaka chilichonse amayi ako ankajambula khoma, chaka chilichonse mvula ya Disembala inkatsuka zonse. Ine zinkandiwawa. Chaka china anajambula nkhanga zikuwoloka msewu, mzere wautali, yomaliza itatembenukira kumbuyo, ndipo anthu opita kumsika ankaima kuonerera. Atapita ku Tembwe kukaona makolo, ine ndinatenga penti ya mafuta ya pashopu n'kudutsitsa pamwamba pa nkhanga zonse, mzere ndi mzere, kuti zisadzafufutikenso. Ndinkati ndikuwachitira zabwino, ndinawadikira ndikumwetulira ngati mwana amene wakhoza mayeso. Atafika anatula katundu, anazungulira nyumba kamodzi, n'kundifunsa kuti, "Nanga chaka chamawa ine ndidzajambula pati?" Sanandiyankhule masiku atatu. Ine sindinkadziwa kuti mvula ija iwo ankaidikira. Akamalima, akamatunga madzi, chaka chonse ankakhala akusunga m'mutu chimene adzaike khoma likayera. Penti nayonso padothi sigwira, inatupa n'kumasendeka zigambazigamba, nkhanga zinakhala ngati zadwala chitopa, ndipo tinachita kupala khoma lonse ndi khasu.

Choncho usamakakamire zimene wapanga kale. Chikakukomera chiyang'ane, ukondwe, upange china. Mphunzitsi akakuuza kuti uyambenso, ulire pang'ono ngati ukufuna, koma uyambenso. Ndipo ntchito ya mnzako usaikonze asanakupemphe, ngakhale uone kuti dzanja lako lingaichite bwino. Uli ndi kamtima kameneko, unatengera ine, ndinakuona ukufufuta zojambula za anzako a kusekondale kuti uwawongolere. Uzifunsa kaye.

Manje ndafika pa chithunzi. Amayi ako anamwalira mu Febuluwale, mvula ili pakati, iwe uli ndi zaka ziwiri. Anadwala masiku asanu basi. Nthawi imeneyo mafoni ojambula anali asanafike kwa anthu ngati ife, ndipo wa kamera akabwera pamsika amayi ako ankamuthawa, ankati alibe nthawi yoima ngati mtengo. Chithunzi chawo chinali chimodzi chokha, kaja ka pachitupa cha boma, kakang'ono ngati sitampa, kosaoneka bwino. Pogawa katundu wa malemu, monga mwa mwambo, zonse zinapita kwa abale awo, ndipo chitupacho anatenga amalume ako aakulu. Ndinawapempha kuti andibwereke sabata imodzi. Ndinkafuna kuti ukamakula uzikhala ndi nkhope yoti uziyang'ana.

Ndinatseka shopu, ndinadula bolodi, ndinatulutsa maburashi atsopano. Kachithunziko kanali kakang'ono kwambiri, timabokosi sitinatheke, ndiye ndinati ndijambula ndi mtima. Ndinafika patsaya lakumanzere, pamene anali ndi chipsera cha moto cha paubwana, ndinati ayi, mwana asaone amayi ake ali ndi chipsera, ndinasalaza. Mphini ziwiri za m'mbali mwa diso sindinaziike. Khungu ndinaliyeretsako pang'ono, poti penti yakuda pabolodi imameza maso. Pakamwa ndinatseka chifukwa cha dzino lija. Khosi ndinawapatsa, ndinati ndiwamanirenji. Chilichonse chinali chaching'ono, ndipo chilichonse ndinali ndi chifukwa chake. Ndinkalira pojambula, maso osaona bwino, ndipo pamene maso sankaona dzanja linkangopita njira imene linazolowera. Nditamaliza ndinaona kuti n'chokongola. Ndinachipachika, chitupa ndinabweza.

Patapita milungu itatu agogo ako anabwera kuchokera ku Tembwe kudzakuona. Analowa pabalaza, anakhala pamphasa, anakweza maso. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anandifunsa ndi ulemu wonse wa apongozi, maso atabwezera pansi, "Adada, mwapeza kale wina? Ndi mwana wa yani ameneyu?" Sankanyoza, ankafunsadi. Ndinati ndi mwana wanu, amama. Anayang'ananso, n'kupukusa mutu. "Wanga sanali wokongola chotere," anatero. Anakunyamula n'kutuluka nawe panja. Ine ndinatsala ndikuyang'ana khoma, ndipo ndi pamene ndinamuzindikira mkaziyo. Anali uja wa pamasaluni, nditangomumanga duku la amayi ako.

Ndikanachitsitsa tsiku lomwelo. Ndinati mawa, ndikabwerekenso chitupa ndikonze. Mawa sanafike msanga, poti ndinkachita manyazi kukapempha kachiwiri. Ndisanapite mtsinje unasefukira, nyumba ya amalume ako inagwa, sutikesi ya mapepala inapita ndi madzi. Ndiye tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinakupeza waima pampando, chala chili pabolodi, ukuti, "Amama, amama." Unatembenuka kundiyang'ana kuti ndivomere. Ndinavomera, Wezi. Kulakwa kwa burashi kunali kwa munthu wolira, ndimatha kudzikhululukira. Uku kwa kuvomera ndinachita maso ali ouma, ndipo ndakhala ndikuchita tsiku lililonse mpaka lero.

Agogo ako ndi amayi ako aang'ono ndinawapempha kuti asakuuze, ndinati ndidzanena ndekha ukakula. Agogo ako anamwalira akudikirabe. Kuno ku Chama masaluni onse amene ndinajambula ndinawazungulira imodziimodzi, ndikunama kuti penti yasuluka, n'kufafaniza nkhope ija kuikapo zipeso ndi malumo. Eni ake ankadabwa kuti mmisiri uyu wagwidwa ndi chifundo chanji. Iwe unayamba kugwira pensulo uli ndi zaka zisanu, ndipo chinthu choyamba chimene unakopera ndi chithunzi chimenecho. Wachikopera kangati, ndinaleka kuwerenga. Pa zojambula zimene unatumiza kukoleji kuti akutenge chinalipo, unalemba pansi pake kuti Amayi. Ndinakuthandiza kumata envelopu.

Usaganize kuti lero ndalimba mtima. Ku Lundazi, pamene basi imaima kuti anthu agule chakudya, tsidya la msewu pali saluni yakale imene ndinajambula ndili mnyamata. Khoma lake lili pansi pa khonde, dzuwa silifikapo, penti ikadali bwino. Mwini wake anakana kuti ndisinthe, ndinapitako kawiri. Iwe msewu wa ku Lundazi sunayendepo chikulire, sukulu yonse waphunzira konkuno, ndipo ine ndinkaonetsetsa kuti zikhale choncho. Mawa ukatsika kuti uwongole miyendo ukanaona amayi ako ali pakhoma la saluni atalukidwa tsitsi, pansi pawo palembedwa mitengo. Msewu wa ku Lusaka ukanakhala kuti sudutsa pamenepo, mwina ndikanakukulungira chithunzicho m'chitenje n'kukutsanzika bwinobwino. Ndikukuuza kuti undidziwe mmene ndilili.

Zina za ntchito ukuzidziwa kale. Maburashi uzitsuka tsiku lomwelo, usawasiye aimirira m'palafini, amapindika. Munthu usamujambule asanavomere, ndipo akavomera usamukonze. Adzakupempha ndithu, adzati chepetsako mphuno, yeretsako apa, mafoni awa anawazoloweretsa kale. Ntchito ya chikwangwani uchite zimene mwini wafuna, n'zake, tonse timadya. Koma ukamajambula munthu woti ena adzamukumbukire, chipsera chikhale pamene chili, chifukwa amene amamukonda adzamufunira pomwepo. Ine ndinkaganiza kuti kukongoletsa ndi kuchotsa zolakwika, ndipo ndinachotsa mpaka munthu anatha. Uziyang'ana kaye, Wezi. Ndikudziwa ndabwereza, ndine mdala, undilole.

Pali chinthu china chimene sindinakuuze. Chaka chatha unajambula mayi wogulitsa mpunga pamsika uja, atagona masana pathumba lake, kukamwa kuli yasa, phazi limodzi lavula patapata, chidendene chong'aluka. Unandionetsa, ine ndinangoti mthunzi wa thumba wakhota, n'kupitiriza ntchito yanga. Mthunzi unali bwino. Chimene chinachitika n'choti ndinachita nsanje, bambo wamkulu kuchitira nsanje mwana wake. Aliyense amene anaona pepala lija anatchula dzina la mayiyo asanauzidwe, ndipo mwini wake atadziona anaseka mpaka misozi, akuti umubisire mwamuna wake. Maso amenewo si anga, ndi a NyaZimba. Ku Lusaka ukapeza ambiri ojambula njovu ndi dzuwa likulowa kuti alendo agule, ena a iwo njovu sanainunkhizepo. Usawaseke, koma usawatsanzire.

Amayi ako anali chonchi. Aafupi, mutu wawo unkandifika paphewa. Akuda kwambiri, kuposa iwe. Chipumi chachikulu chotulukira kutsogolo, mphuno yotambalala, chipsera patsaya lakumanzere, mphini ziwiri m'mbali mwa diso. Dzino lakutsogolo analibenthula potsegula botolo ali mtsikana. Poseka ankatseka diso limodzi n'kumenya amene ali pafupi. Manja okhakhala, m'zikhadabo dothi silinkatha. Zimenezi ndimazidziwa ngati mmene munthu amadziwira mndandanda wa zogula. Koma ndikatseka maso kuti ndiziike pamodzi zikhale nkhope, amene amabwera ndi uja wa pakhoma. Zaka zonsezi ndadya, ndapemphera, ndakulera pansi pa nkhope imeneyo, ndipo yalowa m'malo. Ndayesapo kujambulanso kanayi kuno kushopu iwe uli kusukulu. Kanayi konse dzanja linandipatsa yemweyo, ndinapaka penti yoyera n'kulembapo zikwangwani za anthu.

Ndiye ndili ndi pempho limodzi, ngati uzikhala ukundiyankhulabe. Amayi ako aang'ono a ku Tembwe, aja ankasinja nawo mpunga, anthu amati chipumi ndi pakamwa n'chimodzimodzi ndi mkulu wawo, ndipo poseka nawonso amatseka diso. Pa holide yoyamba usafikire kuno. Upite kwa iwo, ukhale sabata kaya ziwiri, uwathandize ntchito, uwayang'ane. Uwafunse za amayi ako, adzakuuza zimene ine ndinaiwala, poti sandikonda kwenikweni ndipo sadzabisa kanthu. Dzanja lako nalonso ndinaliphunzitsa nkhope yolakwika, koma likadali lanthete, likhoza kuiwala. Langa ayi. Usafulumire. Ukajambula uwaonetse iwo poyamba, akakana uyambenso. Akadzati ndi mkulu wawo ndithu, ndiye ubwere nacho kuno.

Chithunzi chija sindinachikhudze, chili pamsomali pake. Ukachitenga sindikuletsa, ndi chimene unakula nacho, ndipo mwana amene ankachiuza za kusukulu akaweruka sanalakwe kanthu. Ukachisiya sindidzachitsitsa mpaka unene iwe. Ngati lero sufuna kundiona, ndigona kushopu, ndipo m'mawa ndidzanyamula chikwama chako mpaka pabasi osakuyankhulitsa.

Ndili ndi manyazi, mwana wanga, koma chimene chikundiopsa ndi china. Ndikuopa kuti udzabwera nacho chako chija, amayi ako aang'ono atalira n'kuvomera kuti ndi mkulu wawo, udzachiimika patsogolo panga, ine n'kuyang'ana, osawadziwa. Zikadzatero usadzandimvere chisoni n'kuchichotsa. Udzangondiuza kuti, adada, ndi awa, n'kundikokera mpando. Udzandisiye ndikhale nawo mpaka ndiwazolowere.

Uyende bwino.

Ndine adada ako.